Musanagulitse Munda Kuti Mumange Nyumba za Lendi

Pa msonkhano wa ophunzira akale umene tinali nawo titatha kukolola, funso limene linatenga nthawi yaitali silinali la mbozi za m'chimanga kapena la mtengo wa feteleza. Linali la nyumba. Mnyamata wina amene anamaliza maphunziro ake pano zaka zinayi zapitazo anaimirira nati: "Aphunzitsi, kwabwera munthu wa ku Lusaka amene akufuna malima awiri a kumunsi kwa munda wathu, kumene kwayandikira msewu. Ndalama zimene akutchula sindinazigwirepo chibadwire. Ndikuganiza zomugulitsa kuti ndimange zipinda zinayi za lendi kufupi ndi Chalimbana, ndipo zikapanda kukwanira ndikakongole. Kodi ndalakwa?" Ena anaseka, koma nditafunsa kuti ndi angati amene anaganizapo zotere, manja amene anakwera anaposa amene anatsala pansi.

Ndinamulonjeza kuti ndidzamuyankha m'kalata ino, pakuti funso lotere siliyankhidwa munthu ali chiimire, ndiponso silikhudza iye yekha. Amene tinakula tikuyenda mu Great East Road tikukumbukira kuti ukangopitirira mphambano ya ku bwalo la ndege unkaona tchire ndi mafamu mpaka kukafika pa Chongwe. Lero ku Silverest ndi madera oyandikana nawo kuli mipanda ya mabuloko yokhayokha, ndipo zikwangwani zotsatsa mapuloti zakhomedwa pa mitengo imene abusa a ng'ombe ankapumulirapo. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 13 miliyoni m'Zambia. Wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Onsewo akufuna pogona, ndipo Lusaka ikadzaza imasefukira kuno, m'dziko la Amfumu Aakulu Nkomeshya Mukamambo II. Choncho amene akuganiza za nyumba za lendi sakulota ayi. Ochita lendi alipodi: ophunzira a pa yunivesite ya Chalimbana, aphunzitsi, anamwino, apolisi, ndi ogwira ntchito ku Lusaka amene lendi ya m'tauni yawakulira.

Komabe nyumba ya lendi ndi mbewu monga mbewu ina iliyonse. Ili ndi mtengo wobzalira, nthawi yodikira, tizilombo take ndi zokolola zake. Pano sitilola wophunzira kufesa tomato asanalembe zolowa ndi zotuluka m'kope lake. Tisachite mosiyana ndi nyumba chifukwa chabe chakuti ili ndi malata owala.

Tiyeni tiwerengere

Manambala otsatirawa ndi achitsanzo. Inu mukaikemo mitengo ya kwanu ndi ya mwezi umene mukuwerengawo. Tiyerekeze kuti mdadada wa zipinda zinayi, pamodzi ndi puloti, chimbudzi, bafa, madzi ndi magetsi, wadya K200,000. Tiyerekezenso kuti chipinda chilichonse chikulipidwa K600 pamwezi. Pamwezi zikhala K2,400, pachaka K28,800. Ambiri amalekezera pamenepa n'kuyamba kumwetulira. Mlimi wanzeru amapitiriza, chifukwa amadziwa kuti matumba amene amawerengedwa chimanga chili m'munda si amene amafika m'nkhokwe.

Chotsani miyezi iwiri pachaka, ya zipinda zokhala zopanda munthu ndi ya anthu osamuka usiku asanalipire. Ngati ochita lendi anu ndi ana a sukulu, miyeziyi ichuluka, popeza pa tchuthi amapita kwawo. Zatsala K24,000. Chotsani K3,000 ya zokonza: loko yothyoka, penti, chitseko chodyedwa ndi chiswe, kupopa chimbudzi. Chotsaninso K1,000 ya misonkho. Zimene zatsala m'dzanja ndi K20,000 pachaka, kutanthauza K10 pa K100 iliyonse imene munaika m'nyumbayo. Kuti ndalama zanu zibwerere padzapita zaka 10.

Zimenezi si zoipa. Mtengo wa mango nawonso umadikiritsa. Ndiponso nyumba ili ndi ubwino umene ndalama za m'thumba zilibe: mitengo ya zinthu ikakwera, lendi imakwera nayo, ndipo nyumbayo imakwera mtengo. Kumapeto kwa 2024 mitengo ya zinthu inali ikukwera ndi zoposa 16 pa 100 pachaka. Amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anaona zikusungunuka ngati mchere wa m'dzinja, pamene mwini nyumba katundu wake anali chiimire.

Vuto limayamba nkhongole ikalowapo. M'zaka za 2024 ndi 2025 chiwongoladzanja cha mabanki m'dziko muno chinali pakati pa 25 ndi 30 pa 100 pachaka. Tiyerekeze kuti mwakongola theka la ndalama zomangira, K100,000, pa 28 pa 100, kuti mubweze m'zaka zisanu. Mwezi uliwonse banki idzafuna pafupifupi K3,100, ndipo pakutha pa zaka zisanuzo mudzakhala mutabweza zoposa K186,000. Koma nyumba yanu, ngakhale zipinda zonse zili ndi anthu olipira pa tsiku lake, ikubweretsa K2,400. Zotsalazo zichokera kuti? Zichokera ku tomato, ku mbuzi, ku ndalama za feteleza ndi ku mphika wa ana. Munamanga nyumba kuti idyetse banja, koma tsopano banja ndi munda ndiwo akudyetsa nyumba. Lamulo lake ndi losavuta: mbewu yobala 10 pa 100 siingabzalidwe ndi ndalama yodya 28 pa 100.

Zimenezi sindinaziphunzire ku koleji ya zaulimi. Kumayambiriro kwa 2015 ndinatenga nkhongole yodulidwa pa malipiro kuti ndimange zipinda zitatu. Ndinawerengera mabuloko ndi simenti, koma denga ndinati ndidzaliona kutsogolo. Chaka chimenecho kwacha inagwa kwambiri, ndipo mitengo ya malata ndi zitsulo inathawa. Makoma anaima pa mawindo kwa madzinja atatu, akumera ndere, pamene malipiro anga ankadulidwa mwezi ndi mwezi. Pomaliza ndinagulitsa ng'ombe ziwiri zolimira kuti ndifolere, ndipo chaka chotsatira ndinabzala mochedwa podikira ng'ombe za mnansi. Pa Luka 14:28-30 Ambuye Yesu anasimba za munthu womanga nsanja amene sanayambe wakhala pansi kuwerengera mtengo wake. Ndinali nditalalikirapo ndimeyi kangapo, koma ndinaimvetsa bwino nditaimirira m'nyumba yopanda denga, mvula ikugwa.

Nanga munda umapereka zingati?

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa mphunzitsi wa zaulimi angakopeke kukometsera munda. Malima awiri ndi theka la hekita. Mukalima chimanga bwino, mvula n'kugwa mokwanira, mungakolole matumba 40 a makilogalamu 50. Pa mtengo wa FRA wa 2025, K340 pa thumba, zikhala K13,600. Mukachotsa mbewu, matumba anayi a feteleza, kupalira, masaka ndi mayendedwe, mwina patsala theka. Pa masamu okha, chimanga cha mvula chimagonja kwa nyumba ya lendi. Amene amakuuzani kuti munda uliwonse umaposa nyumba sanagwire pensulo.

Koma pali zinthu zitatu zimene masamu amenewa sakuonetsa. Choyamba, malo a mnyamata uja ali kumunsi, kumene madzi ali pafupi. Malo otere si a chimanga. Ndi a dimba. Kagawo kochepa ka K200,000 ija, kataikidwa mu pampu ya dzuwa, thanki ndi mapaipi, kangachititse malo omwewo kubala katatu pachaka: repu, kabichi, anyezi, chimanga chachiwisi cha m'chilimwe. Msika wa Soweto uli pa mtunda wa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo anthu onse amene akumanga m'mphepete mwa msewu amadya ndiwo tsiku lililonse. Ndalama ya m'dimba kapena ya nkhuku za nyama, zimene zimakula m'milungu isanu ndi umodzi, imazungulira kangapo pachaka, pamene ndalama ya m'khoma imazungulira kamodzi pa zaka 10. Inde, dimba limafuna thukuta, ndipo mtengo wa tomato umagwa nthawi zina mpaka munthu kufuna kulira. Koma inu munaphunzira ntchito imeneyi. Ndi luso limene muli nalo kale m'manja.

Chachiwiri, wogulayo si wopusa. Theka la hekita ndi masikweya mita 5,000. Akadula mapuloti a mamita 20 kwa 30 n'kusiya njira, apeza mapuloti asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo si zachilendo kuti ochepa mwa iwo abweze ndalama zonse zimene anakupatsani. Kukwera mtengo kwa malo, kumene kukukopani kuti mumange, n'komwenso mukumupatsa iye pogulitsa.

Chachitatu, munda ukapita subwerera. Nyumba ingamangidwe chaka chilichonse, koma nthaka ya makolo siumbidwa ngati buloko. Naboti wa pa 1 Mafumu 21 anapatsidwa mwayi wosankha ndalama kapena munda wina wabwino koposa, ndipo anakana chifukwa unali cholowa. Sindikunena kuti kugulitsa malo ndi tchimo nthawi zonse. Ndikunena kuti amene akugulitsa adziwe kuti akugulitsanso gawo la ana amene sanafunsidwe. Miyambo 24:27 imaika ntchito ziwirizi m'ndondomeko yake: munthu ayambe wakonza za kumunda, nyumba ibwere pambuyo. Ndimeyi siletsa kumanga. Imangosonyeza chimene chiyenera kubala chinzake.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Mabanja amene anali ndi kachipinda ka lendi anapeza pogulira ufa pamene chimanga chinapsa m'munda, ndipo chimenechi ndi chifukwa chomveka chokhalira ndi nyumba pambali pa ulimi. Koma madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo ometa, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa za m'firiji, amene ambiri a iwo ndi ochita lendi, analephera kulipira. Amene nyumba zawo zinalibe nkhongole anangodikira. Amene anali ndi nkhongole anapanikizika kawiri, kumunda ndi ku banki.

Kodi malowo ndi a yani pa pepala?

Malo ambiri m'midzi yathu ndi amwambo, osungidwa ndi mafumu. Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo limavomereza malo amwambo. Limalolanso kuti malo amwambo asinthidwe kukhala a taitolo, nthawi zambiri ya zaka 99, koma pokhapokha mfumu yavomereza, khonsolo yavomereza, ndipo anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza afunsidwa. Kenako mapepala amapita kwa Komishonala wa Malo, ndipo malowo amayezedwa ndi wopima malo wovomerezeka. Zikatero malowo achoka m'manja mwa mwambo, ndipo mwini wake amayamba kulipira msonkho wa malo chaka ndi chaka.

Kalata ya nyakwawa ya mudzi ndi yofunika, koma si taitolo. Banki siilandira ngati chikole, ndipo siingakutetezeni mokwanira ngati munthu wina atulukira ndi kalata yofanana nayo ya malo omwewo. Amfumu Aakulu Nkomeshya akhala akudzudzula poyera kwa zaka zambiri kugulitsa malo amwambo mwachisawawa, ndipo amene akugulitsa kapena kugula mobisa, osadzera ku nyumba ya ufumu, akudzitchera msampha yekha. Mnyamata uja nditamufunsa kuti malima awiriwo ndi a yani, anati ndi a malemu atate ake, ndipo amake ndi alongo ake awiri amalima pomwepo. Ndiye kuti funso loyamba silinali la mtengo. Linali lakuti kodi iye yekha ali ndi mphamvu yogulitsa.

Mukamagula puloti yomangapo, musapereke ndalama musanaone zinthu izi. Ngati ili ndi taitolo, kafufuzeni ku Unduna wa Malo kuti dzina lili pa taitolo ndi la wogulitsayo, ndiponso kuti malowo sanaikidwe chikole kapena chiletso. Onani zikhomo za malire ndi maso anu, pamodzi ndi anansi. Dziwani kuti posintha umwini pamafunika chilolezo cha boma, ndipo pali msonkho wosinthira umwini, umene unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 pa 100 kuyambira January 2025. Lamulo limauika pa wogulitsa, koma gwirizanani polemba kuti pasadzakhale kukokana. Pulani ya nyumba ipite ku khonsolo musanakumbe maziko. Mneneri Yeremiya, pogula munda wa ku Anatoti pa chaputala 32, analemba kalata, anaitana mboni, anayeza ndalama pamaso pawo, nasunga makalatawo m'mbiya yadothi kuti akhalitse. Wogulitsayo anali mwana wa mbale wa atate ake, koma sanati poti ndi wachibale tingogwirana chanza.

Ndalama zomangira

Njira imene ndaiona ikupulumutsa ambiri ndi yochedwa: kumanga ndi zotsala za m'munda, gawo ndi gawo, ndipo gawo lililonse likhale lotha kudikira popanda kuwonongeka. Chaka chino puloti ndi mapepala. Chaka chamawa mabuloko, amene mungaumbe nokha m'chilimwe. Musakweze makoma musanakhale ndi ndalama ya denga. Ndipo n'kwabwino kumaliza zipinda ziwiri, anthu n'kulowamo, kusiyana ndi kuyala maziko a zipinda zisanu ndi chimodzi zimene zidzagonamo abuluzi. Ziwiri zomalizidwazo zidzathandiza kumanga zotsatira.

Chilimba n'chothandiza pa zinthu zogula kamodzi, monga malata, chifukwa mulibe chiwongoladzanja; chofunika ndi kukhala ndi anzanu okhulupirika. Magulu osunga ndi kukongozana ndalama m'midzi ndi abwino, koma ambiri amaika 10 pa 100 pamwezi kapena kuposa, ndipo ndalama imafunika kubwerera m'miyezi yochepa. Imeneyo ndi ndalama ya nkhuku kapena ya malonda othamanga, osati ya khoma. Zambia National Building Society ndi mabanki amakongoza ndalama za nyumba, koma amafuna taitolo ndi umboni wa ndalama zolowa mwezi ndi mwezi, zimene mlimi wodalira nyengo sakhala nazo kawirikawiri. Amene munagwirapo ntchito yolembedwa mukudziwa kuti kuyambira April 2023 NAPSA inalola kutapa 20 pa 100 ya zosunga zanu kamodzi. Imeneyo ilibe chiwongoladzanja, koma ndi nkhokwe ya ukalamba wanu. Ikalowa m'nyumba yosatha, mwadya mbewu. Palinso lamulo la 2016 lolola kuika chikole katundu wosunthika, monga ziweto ndi makina. Ndi lothandiza pokulitsa ulimi, koma musaike chikole ng'ombe zolimira kapena pampu chifukwa cha nyumba ya lendi. Zimenezo ndi manja a munda.

Za kaloba ndinene mwachidule: musayandikire. Kukongola K1,000 n'kubweza K1,300 kapena K1,500 pakutha pa mwezi kulibe nyumba imene ingakulipire. Choopsa koposa n'chakuti ena okongoza amasainitsa wokongola pepala logulitsa nyumba kapena puloti, osati la nkhongole, n'kusunga taitolo. Mukachedwa kubweza, pa pepala zimaoneka kuti munagulitsa mwa kufuna kwanu. Musasaine pepala limene simunaliwerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu wanu. Mkazi wamasiye wa pa 2 Mafumu 4 anatsala pang'ono kulandidwa ana ake awiri chifukwa cha nkhongole imene mwamuna wake, munthu woopa Mulungu, anasiya. Kuopa Mulungu sikunafafanize nkhongoleyo. Anaivutikira ndi otsala.

Za m'banja

Nyumba zambiri za lendi zimayambitsa mkangano m'nyumba yogonamo. Bambo amayamba kumanga osauza mayi, ndipo mayi amadziwira pa kuchepa kwa ndiwo. Khalani pansi awiri, ndi kope patsogolo, mugwirizane kuti chaka chino chakudya cha banja ndi matumba angati, mbewu ndi feteleza ndi zingati, za sukulu ndi za matenda ndi zingati. Zimenezi zikapatulidwa, chotsalacho ndicho cha mabuloko. Ngati palibe chotsala, chaka chino si chomanga, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Lendi ikayamba kulowa, ikhale ndi tsamba lake m'kope, monga nkhuku ndi dimba zili ndi masamba awo. Chakhumi chichoke poyamba, monga timachitira ndi zokolola zonse. Lendi ndi phindu, ndipo kusaoneka kwake m'nkhokwe sikuisandutsa yathu yonse. Kenako patulani ya zokonza, ngakhale mwezi umene palibe chathyoka. Gwirizananinso pasadakhale za achibale. Mphwanu akapempha chipinda kuti akhale "miyezi iwiri chabe", mungamuthandize, ndipo nthawi zina n'koyenera, koma dziwani kuti mwapereka gawo limodzi mwa magawo anayi a zokolola, ndipo mulembe choncho m'kope.

Ganizaninso za tsiku limene simudzakhalapo. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira wopanda wilu limagawa motere: 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira womwalirayo. Koma lamulo limeneli silikhudza malo amwambo. Ndiye kuti nyumba yomangidwa pa malo opanda taitolo, m'mudzi wa kwa mwamuna, ingasiye mkazi wamasiye pa mpanipani ngati achibale alibe chifundo. Mwamuna ndi mkazi angalembetse taitolo m'maina awo onse awiri, ndipo kulemba wilu sikuitana imfa. Ndaona amayi amene anasenza madzi oumbira buloko lililonse akuuzidwa pa maliro kuti nyumbayo ndi ya kuchimuna.

Mwini nyumba amene ndi Mkhristu

Lembani pangano ndi wochita lendi aliyense, ngakhale wa mumpingo: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, chenjezo la kusamuka ndi la masiku angati, ndani akonza chiyani. Perekani risiti, kapena landirani pa foni kuti umboni ukhalepo. Mikangano yambiri ya pa mdadada imachokera pa mita imodzi ya ZESCO yogawana, wina ali ndi chitofu ndi ayironi, wina ali ndi babu limodzi. Konzani nkhani imeneyi anthu asanalowe. Chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime ndiponso kumunsi kwake. Kolera imene inayamba mu October 2023 ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu 2024 inafala kwambiri m'makomboni a Lusaka, kumene zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya zili moyandikana. Tisabweretse mamangidwe omwewo kuno chifukwa chofuna kupanikiza chipinda china pa puloti.

Lendi ili ndi msonkho. Kuyambira 2022 mwini nyumba ndiye amalipira yekha ku ZRA, ndipo muyezo unaikidwa pa 4 pa 100 kwa olandira zosapitirira K800,000 pachaka. Kagawo koyambirira kanadzamasulidwa pambuyo pake, ndipo malire amasintha ndi bajeti, choncho funsani ku ofesi yawo chaka chilichonse.

Uzani womanga wanu kuyambira tsiku loyamba kuti pa malo anu ntchito imaima Lachisanu dzuwa lisanalowe, ndipo wochita lendi adziwe kuti pa Sabata simulandira ndalama kapena kukamba za ngongole. Ngati simukufuna kuti pakhomo panu pagulitsidwe mowa, zilembedwe m'pangano, osati kudzakangana munthu atalowa kale. Munthu akalephera kulipira, musazule chitseko, musachotse malata, musataye katundu wake panja. Lamulo limafuna kuti wokana kutuluka atulutsidwe kudzera ku khoti, ndipo ngakhale lamulo likanakhala chete, munthu amene mwamugoneka panja ndi ana ake sadzamvanso chilichonse chimene mungamuuze za Mulungu. Apanso nkhongole ndiyo imalamula khalidwe: mwini nyumba amene banki ikumuthamangitsa sakhala ndi mpata wochitira wina chifundo.

Mnyamata uja ndinamuyendera mwezi watha. Anakambirana ndi amake ndi alongo ake, ndipo anakana kugulitsa. Mmodzi wa alongowo anati ngati malowo ali ndi mtengo wotere kwa mlendo, ndiye kuti iwo akhala akuwapeputsa. Wa ku Lusaka uja anakagula kwina. Pa lima limodzi abzala anyezi ndi kabichi, akuthirira ndi pampu yobwereka kwa mnansi posinthana ndi ntchito, ndipo walowa chilimba cha anthu asanu ndi mmodzi kuti agule yake. Maganizo a nyumba sanawataye. Kuseri kwa khola ndinaona mabuloko 300 ataunjikidwa bwino ndi kufunditsidwa udzu, ndipo anandionetsa tsamba la m'kope limene analemba pamwamba pake kuti "Zipinda ziwiri". Sindikudziwa ngati anyeziwo adzapeza mtengo wabwino, pakuti chaka chino obzala achuluka.

Ophunzira a chaka chino, pa phunziro la kasungidwe ka mabuku a pafamu mwezi wamawa, aliyense abwere ndi zinthu zitatu zochokera kwawo: mtengo wa thumba la simenti, mtengo wa lata limodzi la mamita atatu, ndi lendi ya chipinda chimodzi pa msika umene uli pafupi ndi mudzi wanu. Mufunsenso eni nyumba awiri kuti chaka chatha zipinda zawo zinakhala zopanda munthu miyezi ingati. Ophunzira akale amene muli kale ndi nyumba za lendi, tikupemphani mutitumizire manambala anu enieni, opanda maina, kuti tiwerengere pa bolodi pamodzi ndi a dimba ndi a nkhuku.